Utoto wa ku Pompeii watha zaka pafupifupi 2000, nanga penti yathuyi ikulephera pati?

Kachere_BT
Anthuni ndithandizeni nzeru pano. Usiku wathawu ndimaonera pulogalamu ya Pompeii, mzinda wa ku Italy uja unakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, nde amaonetsa mkati mwa nyumba zake, makoma ofiira kuti psuu, ena achikasu, ena akuda bii, pamwamba pake ajambulapo anthu, mbalame, mitengo ya zipatso, zonse zikuwalabe. Ine pabalaza panga ndinapentetsa chaka chathachi, ndalama zinapita zambiri, koma pano m'munsi monse penti ikumatuka, pena yatuwa, ukagwira ikutsalira m'manja. Zandiwawa ndithu. Kodi anthu amenewa ankapaka penti yanji? Kapena a boma la Italy amapentanso kuti akope alendo? Amene mukudziwa tiuzeni.

Gologolo22
Amapentanso basi. Penti yake iti ingakhale zaka zonsezo? Za pa TV musamazikhulupirire zonse.

Nachisale_Napoli
A Gologolo ayi, pamenepo ndikukanani. Ine ndimakhala kufupi ndi Naples ndipo ndinapitako, ndinaziona ndi maso angawa. Okonza aja sajambula zatsopano, ntchito yawo ndi kutsuka ndi kulimbitsa pomwe pakufuna kugwa. Pomwe chithunzi chinawonongeka amasiyapo pulasitala yotuwa yopanda kanthu, mpaka umapeza munthu thupi lilipo koma mutu palibe. Akanakhala kuti amapentanso bwenzi atabwezeretsa mutuwo.

BamboPenti
Ine ntchito yanga ndi yomweyi, kumanga ndi kupenta, nde ndiloleni ndiyankhe mwa umisiri. Nkhani yagona pa khoma achimwene, osati pa penti. Ifeyo timadikira pulasitala iume kaye kenako timapaka penti pamwamba, ndiye penti ija imangomatirira kunja, chinyontho chikachokera mkati chimaikankha, basi yamatuka. Aroma aja ankajambula pulasitala ikadali yaiwisi. Pulasitala yake inali ya laimu, ndipo utoto unali ufa wa dothi kapena wa miyala wongosungunula m'madzi. Laimu akamauma amakoka mpweya nkulimba kubwerera kukhala mwala momwe analili asanamuwotche, nde utoto uja umatsekeredwa momwemo. Palibenso choti chimatuke chifukwa utoto ndi khoma zagwirana kukhala chimodzi. Njirayi amaitcha fresco. Kuvuta kwake imafuna changu, mmisiri amamata kachigawo kokhako komwe akudziwa kuti amaliza pasanaume, kuyambira kumwamba kumatsika m'munsi, ndipo ukalakwitsa ndi kugumula pomwepo nkumatanso.

Kachere_BT
Eee koma nde mwanditsegula m'maso bambo. Ndiye kuti wopanga pulasitala ndi wojambula amagwira limodzi tsiku lomwelo?

BamboPenti
Limodzi. Mmodzi akamata mnzake ali pambuyo ndi bulashi.

Mphunzitsi_Mbiri
Ndiwonjezerepo pa zomwe anena a BamboPenti. Kunali katswiri wa zomangamanga dzina lake Vitruvius, anakhala nthawi ya mfumu Augustus, iyeyu analemba ndithu momwe khoma labwino limayenera kukonzedwera. Akuti uyambe ndi kumata kokhakhala, kenako umate katatu laimu wosakaniza ndi mchenga, kenako katatunso laimu wosakaniza ndi ufa wa mwala wa marble, ulendo uliwonse ufa wake uzinka nusalala, pomaliza upukute mpaka khoma lizinyezimira. Zonse pamodzi kasanu ndi kawiri. Koma tinene chilungamo, nyumba zambiri za ku Pompeii sizinafike pamenepo, zambiri anamata kawiri kapena katatu, amisiri a nthawi imeneyo nawonso ankadziwa kudula njira. Komanso si zonse zinajambulidwa pauwisi, timizere tina ndi timaluwa ankawonjezera khoma litauma kale, ndipo ndi tomweto timayamba kugwa masiku ano.

Mlamba
Inu mukuwatama kwambiri Aromawa. Chomwe chinasunga zithunzi zimenezo ndi phulusa. Mzinda unakwiririka mamita angapo pansi pa phulusa ndi timiyala, kopanda dzuwa, kopanda mvula, kopanda ana ogwiragwira makoma, kuchokera 79 mpaka anayamba kufukula mu 1748. Chilichonse chingasungike chonchi. Umboni wake ndi woti zithunzi zambiri zomwe anafukula kalekale nkuzisiya pamtetete zinafufutika, pano zikudziwika chifukwa cha anthu omwe anazikopera pa pepala nthawi imeneyo. Mu November 2010 nyumba ina yotchedwa Schola Armaturarum inachita kugwa yonse mvula itagwa yambiri. Luso lija linali kuti tsiku limenelo?

BamboPenti
A Mlamba, mbali ina mukunena zoona, phulusa linathandiza. Koma tengani khoma lomwe ndapenta ine ndi penti ya m'chitini, mulikwirire m'dothi lachinyontho zaka khumi zokha, mukafukule muone ngati mupezapo kanthu. Kukwiririka kumasunga chinthu chomwe chinali cholimba kale. Ndipo nyumba inagwayo chinalephera ndi khoma ndi denga, utoto sungagwire nyumba.

Mlamba
Sindikukana kuti ankadziwa ntchito. Ndikungoti tisaiwale phiri.

Mphunzitsi_Mbiri
Nonse muli ndi mfundo, koma kuli zina zomwe phiri silinazikhudze nkomwe. Ku Prima Porta, kunja kwa mzinda wa Rome, anapeza mu 1863 chipinda cha pansi pa nthaka cha nyumba ya Livia, mkazi wa Augustus. Makoma onse anayi ajambula munda, mitengo ya makangaza, maluwa, mbalame zili pa nthambi zina zikuuluka, kampanda kakafupi kutsogolo, kumbuyo mitengo ikunka nizilala mu mtundu wa buluu kuti uziona ngati munda ukupitirira patali. Chosangalatsa nchoti zomera za nyengo zosiyana zonse zachita maluwa ndi kubereka nthawi imodzi, zomwe m'munda weniweni sizingatheke. Anajambula cha m'ma 30 mpaka 20 BC, ndipo pano chili ku Palazzo Massimo ku Rome. Kumeneko Vesuvius sanafikeko.

Chikondi_wa_maluwa
Ine chomwe chikundikhudza ndi chimenecho, munthu kukhala m'chipinda chopanda windo nkudzijambulira munda. Ndazikonda kwambiri.

Nachisale_Napoli
Asisi, mukalowa m'nyumba zimenezi mumamvetsa chifukwa chake. Zipinda zogona ndi zazing'ono komanso zamdima, mawindo oyang'ana kumsewu pafupifupi palibe, kuwala kumalowera pa chibowo cha padenga pakati pa nyumba ndi kubwalo lamkati. Nde khoma likakhala lofiira lonyezimira, kanyale kamafuta kamodzi kamakwanira kudzutsa chipinda chonse. Mu 2024 anafukula chipinda chodyeramo chachikulu makoma ake akuda onse, ajambulapo anthu a m'nthano za Agiriki, Helen akukumana ndi Paris, kwina Apollo ndi Cassandra, ndipo mkulu woyang'anira Pompeii, Gabriel Zuchtriegel, anafotokoza kuti ankakonda kudetsa makoma otere kuti mwaye wa nyale usamaonekere.

Gologolo22
Chabwino ndamva. Nanga kufiira kumeneko amakupeza kuti? Kunalibe mashopu a penti.

Mphunzitsi_Mbiri
Mashopu analipo a Gologolo, ku Pompeii komweko anapeza timiphika tili ndi ufa wa utoto. Wofiira unali wa mitundu iwiri. Wotchipa unali dothi lofiira, la mtundu wa katondo wathuyu. Wodula unkachokera ku mwala wotchedwa cinnabar, womwe muli mercury, ndipo wambiri unkakumbidwa ku Spain. Pliny Wamkulu, wolemba mabuku wachiroma yemwe anafera pa kuphulika komweku ku Stabiae, analemba kuti boma linachita kuika malire a mtengo wake, masesterce (ndalama za Aroma) 70 pa paundi imodzi ya kulemera kwake, pomwe msilikali wamba ankalandira masesterce 900 chaka chonse. Nchifukwa chake utoto wodula ankagula ndi mwini nyumba, mmisiri sankauika pa mtengo wa ntchito. Ndipo unali ndi khalidwe loipa, ukaombedwa ndi dzuwa umada. Vitruvius anasimba za mlembi wina dzina lake Faberius yemwe anapaka cinnabar makoma onse a bwalo la nyumba yake pa phiri la Aventine ku Rome, patangotha masiku 30 makoma anada mawangamawanga, anachita kulembanso amisiri kuti apake mitundu ina. Njira yotetezera inali kupaka phula losungunula pamwamba nkupukuta ndi nsalu. Wakuda ankapanga ndi mwaye. Wa buluu ndiye unachokera kuno ku Africa, anayamba ndi a ku Egypt, ankawotcha mchenga, mkuwa ndi mchere wina wa m'chipululu, kenako munthu wina wamalonda dzina lake Vestorius anatsegula fakitale yake ku Puteoli, kufupi ndi Naples komweko.

Kachere_BT
Nde kuti ngakhale iwowo penti inkawakhumudwitsa. Bambo Faberius ndikuwamvetsa.

Mlamba
Ndipo onjezani apa kuti makoma ena omwe mukuwatama kuti ofiira poyamba anali achikasu. Dothi lachikasu likapsa limafiira, ndipo kutentha kwa phiri kunasintha makoma ambiri makamaka ku Herculaneum, mzinda wina womwe unakwiririka limodzi ndi Pompeii. Ofufuza anazitsimikiza. Pena khoma limodzi lomwelo mbali ina yachikasu ina yofiira. Phiri lija ndimanena.

BamboPenti
Izi ndiye ndikuvomereza msanga, njerwa yaiwisi ukaiwotcha imasintha mtundu chimodzimodzi.

NaBanda_Dowa
Ine ndikuwerenga ndikukumbuka agogo anga aakazi. Mvula ikatha ankapita kudambo kukakumba mtsiro, kwina dothi loyera, kwina lofiira, nkudzazira nyumba, m'munsi mzere wakuda, pamwamba poyera, pakhonde ankajambula maluwa ndi zala. Chaka chilichonse ankabwereza chifukwa mvula inkatsuka. Palibe ankawatcha akatswiri koma anthu odutsa ankaima kuyang'ana. Masiku ano atsikana ambiri kumudzi kwathu sakufunanso kuzira, akuti nzachikale, aliyense akufuna simenti. Zimandimvetsa chisoni.

Chikondi_wa_maluwa
Amayi mwanena zoona. Kwathu ku Ntcheu ziliko nyumba zina zokongoletsa chonchi koma zikuchepa.

Gologolo22
Simenti ndi chitukuko amayi, fumbi la nyumba yozira ndi chifuwa chokhachokha.

NaBanda_Dowa
Nyumba yozira bwino ilibe fumbi mwana wanga. Fumbi limabwera ukaleka kuzira.

Mphunzitsi_Mbiri
Tibwerere ku Italy pang'ono, chifukwa nkhani ya "zachikale" inalikonso kumeneko. Mjeremani wina, August Mau, mu 1882 anayala zithunzi za ku Pompeii motsata nthawi nkupeza masitayilo anayi, mpaka lero anthu amatsata magawo akewo. Yoyambirira, kuyambira cha m'ma 200 BC, kunalibe zithunzi, ankangoumba pulasitala kuti izioneka ngati miyala ikuluikulu ya marble yamitundumitundu. Cha m'ma 80 BC ndi pomwe panabwera yomwe ine imandizunguza mutu. Wojambula ankafuna kuti khoma lisowe. Amajambula zipilala ngati zaima kutsogolo kwako, zili ndi mthunzi wake, pakati pa zipilalazo ukuona makomo, kuseri kwa makomo nyumba zosanja, akachisi, thambo, zonse zikucheperachepera momwe maso amaonera zinthu zakutali, ndipo mthunzi ankauika motsatira komwe kuwala kwenikweni kumalowera m'chipindamo. Kachipinda kogona ka ku Boscoreale, kufupi ndi Pompeii, kali choncho, munthu amagona pakati pa mzinda wongojambula. Ku Villa dei Misteri, kunja kwa mpanda wa Pompeii, chipinda chonse chazunguliridwa ndi anthu otalika pafupifupi ngati ife, aima pa khoma lofiira, mwambo wa mulungu Dionysus, mayi wina wagwada akukwapulidwa wina akuvina, mpaka lero akatswiri amakangana tanthauzo lake. Nthawi ya Augustus fashoni inatembenuka, khoma linabwerera kukhala lafulati, mtundu umodzi, timizati towonda ndi kachithunzi kakang'ono pakati. Vitruvius zinamunyansa, anadandaula kuti anthu akujambula bango m'malo mwa chipilala, choikapo nyale chikunyamula denga, timitengo tikuphuka mitu ya anthu ndi nyama, zinthu zoti sizinakhaleko ndipo sizingakhaleko. Yachinayi inangosakaniza zonse, ndipo ndi yomwe yachuluka ku Pompeii chifukwa mu 62 AD kunachitika chivomerezi chachikulu, anthu ambiri anakonzanso nyumba zawo mu fashoni ya nthawiyo.

Gologolo22
Ndiye yoyambayo inali yonamizira ulemera eti? Marble alibe, akupenta pulasitala.

Nachisale_Napoli
Nanenso ndinkaganiza choncho koma pitani ku Casa del Fauno. Ndi nyumba imodzi mwa zazikulu zedi mu Pompeii, yatenga buloko yonse, ndi momwe munapezeka chithunzi chotchuka cha timiyala cha nkhondo ya mfumu Alexander Wamkulu. Eni ake ndalama anali nazo zosayamba, koma anasunga makoma a sitayilo yakaleyo mpaka tsiku lomaliza osasintha. Kunali kuuza alendo kuti ife chuma chathu si cha dzulo. Omwe anadzaza makoma ndi zithunzi paliponse ndi a ku Casa dei Vettii, anthu awiri, Aulus Vettius Conviva ndi Aulus Vettius Restitutus, omwe akatswiri amati anali akapolo omasulidwa nkulemera ndi malonda. Anaitsegulanso mu January 2023 atatha zaka pafupifupi 20 akuikonza. Muli mzere wina wokongola, tiana ta mapiko tikugwira ntchito, tina tikusula golide, tina tikupanga mafuta onunkhira, tina tikugulitsa vinyo. Koma pakhomo penipeni pali chithunzi cha mulungu Priapus chomwe sindingachifotokoze pa gulu pano, pali akuluakulu.

MayiWaMvano
Nde ndimadikira kuti wina anene. Ine ndinamva kuti mzinda umenewu unali wodzadza ndi zithunzi zolaula, ndipo ndikukhulupirira kuti kuwonongeka kwake sikunali kwangozi. Tisamatame zinthu zoterozo.

Mlamba
Mayi, phiri lija linapha ana, akapolo, nkhalamba, ngakhale agalu omangirira. Herculaneum, Stabiae ndi minda yonse yozungulira zinapita limodzi. Amenewo analakwa chani?

Mphunzitsi_Mbiri
Amayi, zithunzi zotere zilipo, sitingabise, ndipo mafumu a ku Naples nawo zinkawachititsa manyazi mpaka anazitsekera m'chipinda chapadera ku myuziyamu, chinatsegulidwa kwa onse mu 2000. Koma ndi gawo lochepa. Cha Priapus kwa iwo chinali chithumwa chothamangitsa tsoka ndi kuitana chuma pakhomo. Zochuluka ndi nthano za milungu yawo, minda, nsomba, zipatso mu mbale ya galasi, njoka zojambula pa kaguwa ka mizimu ya pabanja kukhitchini. Pali cha Terentius Neo ndi mkazi wake, bambo wagwira mpukutu mayi wagwira cholembera pamlomo, kufuna kuti aliyense adziwe kuti m'banjamo amatha kuwerenga. Palinso wina anajambulitsa m'nyumba mwake chipolowe cha mu 59 AD, pomwe a ku Pompeii anamenyana ndi a ku Nuceria, mzinda woyandikana nawo, pabwalo la masewera anthu nkufa, boma la Rome nkuletsa masewerawo zaka khumi.

MayiWaMvano
Ndamva aphunzitsi. Maganizo anga sanasinthe koma za banja lowerengalo ndazikonda.

Admin_Gulu
Abale za chiweruzo tikambirane tsiku lina, pano tikhale pa makoma.

Kachere_BT
Zikomo a Admin. Bambo Penti funso langa lenileni, kodi fresco imeneyi ingatheke pa khoma langali?

BamboPenti
Pa pulasitala ya simenti youma kale ayi, utoto ulibe polowa. Mpaka mugumule, mumate ya laimu wonyika nthawi yaitali, ndipo mupeze utoto wa ufa womwe laimu sangaudye. Koma kumatuka kwa m'munsi komwe mwanenako ndi chinyontho chokwera kuchokera pansi, mwina sanaike DPC, chotchinga chinyontho chija, pa fawundeshoni kapena madzi a padenga akugwera m'mbali mwa khoma. Konzani madziwo kaye, mupale penti yonse yofooka, mudikire khoma liume chilimwe chino. Mukapaka pamwamba pa chinyontho ngakhale penti yodula bwanji imatukanso.

Kachere_BT
Madzi a padenga ndi omwewo, kulibe ngalande mbali imeneyo. Zikomo kwambiri bambo.

Thoko_Southwark
Ndalowa mochedwa. Kuno ku London nakonso Aroma anafika, ndipo mu 2025 analengeza kuti ku Southwark anapeza tizidutswa masauzande ta pulasitala yojambula, ta nyumba yomwe inagumulidwa kalekale nkutayidwa m'dzenje. Katswiri wina anakhala miyezi akulumikiza, munatuluka makoma achikasu, mbalame, zipatso, zoimbira. Chomwe chinandikhudza, anapeza kachidutswa pomwe wojambula anasayinapo kuti wapanga ndi iyeyo, koma mbali yomwe panali dzina inaduka, sinapezeke.

BamboPenti
Zimenezi zandipweteka mtima. Eni nyumba tikuwatchula mayina pano, a Vettii, a Livia, koma anthu omwe anakwera pa sikafodi ayi. Aphunzitsi, ankalipidwa bwanji anzathuwa?

Mphunzitsi_Mbiri
Mitengo yomwe tili nayo ndi ya pambuyo pake, mu lamulo la mfumu Diocletian la 301 AD. Wopenta khoma asapitirire madenarius (ndalama ya nthawiyo) 75 patsiku, wojambula zithunzi za anthu 150, womanga 50, waganyu wa kumunda 25, onsewa kuphatikizapo chakudya. Nde wojambula ankaposa waganyu kasanu ndi kamodzi. Mayina ochepa alipo, Pliny anatchula Studius wojambula minda ndi magombe, ndi Famulus yemwe anajambula nyumba ya mfumu Nero ku Rome, akuti ankagwira maola ochepa patsiku atavala toga yake, chovala chaulemu cha Aroma, ngakhale ali pamwamba. Koma ambiri anali amisiri wamba, ena akapolo. Ku Pompeii kuli nyumba yomwe phiri linapeza amisiri ali pakati pa ntchito, amaitcha Casa dei Pittori al Lavoro. Mbali zina za khoma zatha, pakati pomwe pamayenera kukhala chithunzi chachikulu pali timizere toyambira chabe, timiphika ta utoto tili pansi.

Mlamba
Ndipo osauka enieni makoma awo analibe kanthu. Chipinda cha akapolo chomwe anafukula ku Civita Giuliana, kunja kwa Pompeii, mu 2021 munali mabedi atatu a matabwa ndi zingwe, limodzi laling'ono la mwana, kawindo kamodzi kumwamba, khoma lopanda utoto ngakhale kadontho. Nyumba yomweyo kwina kunali ngolo yaulemu yokongoletsa ndi zitsulo. Tikamati "nyumba za Aroma" tizikumbukanso chipinda chimenechi.

Nachisale_Napoli
Zoona achimwene. Chinanso chomwe chimandiwawa ine, ukamayenda m'nyumba zina umapeza pakati pa khoma pali chibowo cha makona anayi. Ofukula oyambirira, nthawi ya mafumu a ku Naples a banja la Bourbon, ankadula chithunzi chapakati nkupita nacho kunyumba ya mfumu ku Portici, kenako ku myuziyamu ya Naples. Zithunzi za ku Boscoreale anthu ena anazigulitsa pa okushoni ku Paris mu 1903, kachipinda kogona kaja anena aphunzitsi kali ku New York pano. Chithunzi anachijambula kuti chizionedwa m'chipinda chake, ndi kuwala kwa khomo lake, pambali pa zinzake. Ukachipachika chokha pa khoma loyera la myuziyamu theka la nzeru ya wojambula latayika.

Mlamba
Koma zomwe anadulazo ndi zomwe zili bwino lero achemwali. Zotsala pamalo zambiri dzuwa ndi mvula zinamaliza, ndipo mu 1943 mabomba a nkhondo anagweranso pa Pompeii. Ine bola chipulumuke ku myuziyamu.

Nachisale_Napoli
Denga a Mlamba. Masiku ano akafukula amafolera pomwepo ndipo zithunzi zikukhala. Ankatha kufolera kalelo, koma mfumu inkafuna zokongoletsa nyumba yake.

Mlamba
Denga limafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo mzindawu ndi waukulu, gawo limodzi mwa magawo atatu silinafukulidwe nkomwe. Ine ndikanakonda gawo limenelo alisiye m'phulusa momwemo mpaka atatha kusamala zomwe anafukula kale.